Sopo wa Mbuya

Ndinafika ku Lusaka m'zaka zimene mafakitale ankatsekedwa motsatizana. Ndinali nditamaliza giredi naini pa sukulu ya kumudzi kwathu, kufupi ndi Katete, ndipo njira yopitira patsogolo panalibe. Azakhali anga, alongo awo a bambo, anatumiza uthenga kuti ndipite ndikawathandize ntchito ina imene anayamba, koma sananene kuti ndi ntchito yanji. Amayi anandimangira mtedza m'kathumba n'kundiuza kuti ndikamvere, ndiponso ndisakakhale mtolo m'nyumba ya eni.

Nyumbayo inali ku Chawama, ya zipinda ziwiri. Amuna awo a azakhali, amene ndinkawatchula kuti malume, anali atangochotsedwa ntchito ku fakitale yoluka mabulangete. Anali munthu wosalankhulalankhula. Ankakhala pakhonde kukonza wailesi imene inali yabwinobwino, kuimasula ndi kuimanganso, kuti manja asangokhala. Tsiku lomwe ndinafika anandilandira bwino, anafunsa za mvula ndi za ng'ombe za kumudzi, kenaka ananena mosabisa.

"Mphwanga, pano zinthu zavuta. Sopo wa azakhali akoyu akayenda, ukhala. Akakanika, pali lole ya mnzanga imene imapita kummawa mvula ikamayandikira. Ukwera imeneyo, ukathandize amayi ako kulima. Sikuti ndakuda ayi."

Ndinawomba m'manja n'kuthokoza. Mumtima ndinali nditaona kale magetsi a mumsewu, mabasi, ndi sukulu yamadzulo imene inali kuseri kwa tchalitchi, ndipo sindinkafuna kubwerera.

Ntchito ija inali yopanga sopo. Azakhali anaphunzira kwa amayi anzawo a kutchalitchi. Ankagula mafuta a ng'ombe kumabutchala, soda ankakatenga ku Kamwala. Mafutawo tinkawasungunula mumgolo wodula pakati, n'kuwasefa ndi chiguduli. Soda ankasungunula okha, atamanga nsalu kumphuno, ine atandithamangitsira kutali. Zikasakanizidwa, ntchito yanga inali kutakasa ndi mtengo mpaka zitalimba ngati phala la mwana, kenaka tinkathira m'bokosi lathabwa. Sopo akauma tinkamudula ndi waya, n'kumuyala pansi pa bedi kuti akhwime. Azakhali ankamuyesa ndi nsonga ya lilime. Akaluma, ankati adikire. Akapanda kuluma, ankati wapsa.

Anali sopo wabwino ndithu. Ankachita thovu ngakhale ndi madzi a m'chitsime, ndipo sankasungunuka msanga. Koma maonekedwe ake sanali okopa. Anali wotuwa ngati dothi la pachulu, wopanda pepala, wopanda dzina, wopanda fungo lokoma. M'mashopu sopo anali atabwereramo, wa m'mapepala owala wochokera kunja, kungoti anthu sankamukwanitsa. Ankagula kachidutswa kodulidwa pa kantemba, tija timisika ta m'mbali mwa njira. Komabe kachidutswa kameneko anthu ankakadziwa. Wathuyu sankamudziwa, ndipo mawu anali atafala kale akuti sopo wopangira kunyumba amasupula manja ndi kudya nsalu.

Ndalama yosindikizira mapepala kapena yolengezetsa pa wailesi panalibe. Zonse zinkathera ku soda ndi mafuta. Azakhali anati, "Wailesi yathu ndiwe. Uli ndi miyendo, uli ndi pakamwa."

Miyendo ndinali nayo. Pakamwa ndi pomwe panali vuto.

Poyamba anandiika pamphambano ya njira yopita kumsika, ndi beseni la sopo pamiyendo. Anyamata ogulitsa pafupi nane ankakuwa tsiku lonse mosatopa, ena mpaka kuimba. Ine ndikati nditsegule pakamwa, mawu anga sankamveka. Ndinkangoti "sopo" motsitsa, ngati ndikupepesa. Mayi wina anaima n'kundifunsa ngati ndikudwala. Ndinaganiza zolemba chikwangwani, popeza kusukulu aphunzitsi ankayamikira kalembedwe kanga. Ndinapeza katoni, ndinajambula mizere ndi rula, n'kulemba bwinobwino kuti sopo wabwino ali pano. Anthu ankawerenga, n'kuyang'ana sopo wotuwa uja, n'kupitirira. Mphepo ya mwezi wa Ogasiti itabwera ndi fumbi lake, chikwangwanicho chinauluka n'kukagwera mu ngalande.

Kenaka ndinayesa kuyenda khomo ndi khomo. Apa ndinkachita monga tinkachitira kwathu. Ndinkaima patali n'kunena kuti odi, ndikalandiridwa ndinkanjuta, n'kufunsa za moyo wa onse a pakhomopo mmodzimmodzi, ana ndi odwala omwe. Za sopo ndinkazitchula pomalizira, chifukwa kuyamba ndi malonda ndinkaona ngati mwano. Amayi a m'komboni ankandikonda. Ankaitanizana kuti adzaone mnyamata waulemu, ena ankandipatsa mbatata yootcha, ena madzi akumwa. Koma pofika pa sopo ankamununkhiza, kumutembenuza, n'kumubweza m'beseni.

"Ni wopanga mweka? Awe mwana wanga, manja yanga niyafuna."

Dzuwa linkalowa nditayenda nyumba zochepa chabe, mimba yokhuta, beseni lodzaza. Pansi pa bedi sopo anali kuchuluka. Malume ankangosuzumira pansi pa bedipo n'kubwerera ku wailesi yawo.

Amene anandipatsa malo pamsika anali mnyamata wina wogulitsa salaula, zovala zakale zochokera kunja zimene zimabwera zitapanikizidwa m'mabelo. Anali wamkulu kwa ine pang'ono, wobadwira m'tauni momwemo, koma makolo ake anali Abemba a kumpoto. Tsiku lina ndikudutsa ndi beseni langa anandimva ndikupereka moni kwa gogo wina wogulitsa tomato, ndipo anakuwa msika wonse ukumva.

"Imwe bantu, onani mbuya wanga! Wabwela na basi ya lelo? Iwe, mu beseni muli chani, mbeba zouma?"

Anthu a kummawa ndi Abemba timatchulana kuti mbuya. Mbuya amaloledwa kukunyoza pagulu, kukulanda chipewa, kukuseka ngakhale pamaliro, ndipo iwe sukwiya, umangobwezera. Iwo amatiseka kuti timadya mbewa, ife timawaseka kuti amadya anyani. Zimenezi ndinkazidziwa, koma kubwezera sindinkatha. Ndinangomwetulira n'kuyang'ana pansi.

"Ni sopo, achimwene."

"Achimwene! Mwamvela? Bwela kuno, faka beseni yako apa pa kona. Ukazingoyenda so na zuba, uzauma monga mbeba zako."

Kuyambira tsiku limenelo ndinkakhala pakona ya thebulo lake. Sopo sanayambe kuyenda, koma ndinapeza mthunzi ndi munthu wocheza naye. Ndinkamuthandiza kupachika zovala, kuyang'anira akapita kukadya, ndi kuthamangitsa ana ofuna kusolola masokosi. Ndinkamuonerera akugulitsa. Ankatha kuuza mayi wonenepa kuti diresi yam'thina chifukwa ndi yaulemu, mayiyo n'kuseka n'kugula. Ine ndinkangodabwa kuti mawu onsewo amawatenga kuti.

Kumapeto kwa mwezi wina anagula belo latsopano la malaya aamuna. Analitsegula Lachisanu madzulo, anasankha malaya abwino kwambiri n'kuwaika m'thumba lapadera kuti adzawagulitse Loweruka, anthu atalandira malipiro. Kumene ankakhala kunali kutali, ndipo kwathu kunali pafupi ndi msika, choncho anandipatsa thumbalo kuti ndikamusungire.

"Usunge monga mwana. Mailo nizachedwa, niyamba napita ku Mandevu kuona bamayo. Ukapachike iwe."

Nditafika kunyumba ndinamasula thumba lija kuti ndione ngati munalowa chinyezi. Fungo limene linatulukamo linali lija la salaula, la mankhwala osakanikirana ndi nkhungu. Malaya onse anali okwinyikakwinyika ngati atafunidwa ndi ng'ombe. Ena anali ndi litsiro m'makolala. Ndinawayang'ana ndipo ndinamva chisoni. Kwathu munthu sapita ndi chinthu chakuda pamaso pa anthu. Ngakhale nkhuku yokagulitsa timaipukuta miyendo. Ndinaganiza kuti mnzangayu, pokhala wosakwatira, alibe womuchapira, ndipo wandichitira zabwino zambiri popanda ine kubweza kanthu. Ndinaganizanso kuti anthu akaona mmene malaya awalira n'kufunsa chinsinsi chake, ine ndidzangoloza beseni, osafunikira kukuwa.

Sindinauze munthu. Azakhali anali atapita kumaliro ku Linda, malume anali pakhonde. Kutangocha ndinakatunga madzi kumpopi, ndinatenga mtanda wathunthu wa sopo n'kuyamba kuchapa. Ndinachapa mosamala kuposa mmene ndinachapirapo chinthu chilichonse. Makolala ndinawatikita ndi chala, oyera ndinawapatula kwa amitundu. Kunja kunali kotentha ndi kamphepo, moti sanachedwe kuuma. Ndinakoleza makala, ndinabwereka simbi kwa aneba, n'kusita malaya onse mpaka mizere ya m'manja inaima ngati ya apolisi. Malume anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwini wake wakutuma?"

"Ayi malume, ndikufuna adzadabwe."

"Adabwa ndithu," anatero, n'kubwerera ku wailesi. Iwo salaula sankagula, ankavalabe malaya a kuntchito kwawo kwakale, choncho sindikudziwa ngati ankadziwa chimene chikubwera.

Ndinakafika kumsika dzuwa litakwera, ndinapachika malaya aja pamzere. Ankawala moti ogulitsa anzathu anasiya zimene ankachita. Gogo wa tomato uja anagwira pakamwa. Ine ndinayesa akuyamikira. Ndinaika beseni la sopo patsogolo penipeni n'kuima pambali manja kumbuyo.

Woyamba kufika anali mayi wina amene ankafunira mwamuna wake malaya. Anagwira amodzi, anawanunkhiza, n'kuwasiya msanga ngati agwira moto.

"Aya malaya yachoka kuti?"

"Mu belo, amayi. Latsegulidwa dzulo."

"Belo ya kuti yamene inunkha sopo? Iwe, usaniyese mwana. Aya yanavalidwa muno mwamene. Kapena mwine wake anafa, mwagabana."

"Ayi amayi, ndachapa ndine, ndi sopo uyu."

"Wawasha kuti ubise chani?"

Mayi wina amene anaima kumbuyo kwake anati mwina ndi zoanula pa waya pa nyumba za eni ku mayadi, kokhala anthu olemera. Anaseka onse awiri n'kupita pa thebulo loyandikana nalo, pomwe zovala zinali mulu pansi, zokwinyika, zonunkha, ndipo anayamba kusankha mosangalala.

Pamenepo ndi pomwe gogo wa tomato anandiitana n'kundifotokozera. M'tauni, salaula amadziwika ndi makwinya ndi fungo lake. Zimenezo ndizo umboni wakuti chovala changotuluka m'belo, chachokera kutsidya kwa nyanja, sichinakhudze thupi la munthu wa kuno. Chovala chochapa ndi chosita chimakhala chokayikitsa. Anthu amaganiza kuti ndi cha womwalira, kapena chakuba, kapena cha munthu wa komboni yomweyo amene akadzakuona nacho adzakulozera chala. Ine ndinali nditachotsa umboni wonse ndi manja angawa.

Mbuya anafika masana akuimba mluzu. Ataona mzere wa malaya uja mluzu unaduka. Anayenda pang'onopang'ono, anagwira kolala imodzi, anainunkhiza, n'kundiyang'ana.

"Mbuya. Nindani wachita ivi?"

"Ndine, achimwene. Ndimafuna ndikuthandizeni."

"Kunithandiza! Mayo ine! Na kuchisa na simbi wachisa?" Anatembenukira kwa anthu a pamsika atakweza manja. "Bantu ba Mulungu, bwelani muone. Nasiya mbuzi na munthu wa kumawa, napeza aisambika, aizola na mafuta!"

Msika wonse unaseka. Ine ndinkafuna nthaka itang'ambika. Ndinagwada pomwepo pafumbi n'kuyamba kupepesa, ndipo izi zinawonjezera kuseka. Iye anandikoka dzanja.

"Nyamuka iwe, sindine mfumu. Ukanakhala mutundu wina sembe nakumenya. Manje mbuya nizamuchita bwanji?"

Anaseka nawo, koma ndinaona kuti zamupweteka. Loweruka la kumapeto kwa mwezi linali tsiku limene ankadalira, ndipo malaya aja anali abwino koposa m'belo lonse. Tsiku limenelo panalibe wogula ndi mmodzi yemwe. Madzulo sanandinyoze ngakhale pang'ono, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa kunyozedwa.

Azakhali atabwerako kumaliro n'kumva nkhaniyi, anakhala pansi n'kuseka mpaka misozi, kenaka anasiya mwadzidzidzi n'kuyamba kudandaula za mtanda wa sopo umene ndinawononga. Malume anangoti mnzawo wa lole uja wanena kuti anyamuka masabata akubwerawa, mitambo yayamba kusonkhana. Sanandiyang'ane ponena zimenezi.

Lolemba ndinalimba mtima n'kupitanso kumsika, chifukwa kubisala kukanakhala kulakwa kawiri. Ndinapeza mbuya akuchita chinthu chimene sindidzaiwala. Anatenga malaya onse ndinasita aja, anawafinya limodzilimodzi ngati akufinya madzi, anawasakaniza ndi zotsala za m'belo zonunkha zija, n'kuzipanikiza zonse m'thumba. Atamanga kukamwa kwake anandilozera.

"Nkhala apa. Iyi ndiye nchito yako manje. Unkhalepo mpaka vinunkhe futi."

Ndinakhala pa thumba limenelo sabata yonse ngati nkhuku yofungatira. Aliyense wodutsa ankafunsa ngati mazira aswa. Koma pokhala pamenepo osachita kanthu, ndinayamba kumvetsera bwino zimene ogula ankalankhula. Ndinaona kuti mayi aliyense akagula chovala, chokwinyika ndi chonunkha monga ankachifunira, ankachipinda n'kunena mawu amodzimodzi, kuti akachichape kaye asanachivale. Ena ankadandaula kuti kunyumba kulibe ndi sopo yemwe. Ndinaonanso kuti palibe amene ankachoka osapempha mbasela, kaja kowonjezera kamene wogulitsa amaika pamwamba. Wa tomato ankaponyapo tomato mmodzi, wa makala ankawonjeza dzanja limodzi. Koma wa salaula alibe choti n'kuwonjeza. Sangadule mkono wa malaya ena. Mbuya ankangowapatsa nthabwala, iwo n'kumapita akung'ung'udza.

Kunyumba tinali ndi tizidutswa tambiri totsala podula sopo, tam'mbali ndi tam'makona, timene azakhali ankasunga m'chitini kuti adzatisungunulenso. Ndinaganiza za tizidutswa timeneti masiku angapo ndisananene kanthu, poopa kulakwitsanso. Potsiriza ndinayamba ndafunsa azakhali. Anati nditenge, kusungunulanso kumangowathera makala. Kenaka ndinapita kwa mbuya.

"Achimwene, ndili ndi ganizo. Koma mukakana palibe kanthu."

"Ngati ni kuwasha, nizaitana bapolisi."

"Ayi. Anthuwa amakachapa okha kunyumba. Bwanji aliyense wogula chovala tizimupatsa kachidutswa aka ngati mbasela? Inu simulipira kanthu."

Anatenga kachidutswa kamodzi, anakatembenuza, n'kundiyang'ana ndi diso limodzi.

"Ka mahala?"

"Kaulere."

"Mwaona, mbeba zipasa nzelu pang'ono. Leta."

Wogula woyamba tsiku limenelo anali mtsikana amene anatenga siketi. Atapempha mbasela, mbuya anatenga kachidutswa ka sopo n'kukaika pa siketiyo ndi manja awiri ngati akupereka mphatso ya ukwati.

"Iyi ni sopo ya mbuya wanga uyu wamene ankhala pa saka. Inawasha malaya yanga mpaka bantu banakana kugula, ati ni yanyowani maningi. Mufunse aliyense muno mu maliketi."

Ndipo zoonadi aliyense mumsikamo ankaidziwa nkhaniyo. Mtsikanayo anayang'ana gogo wa tomato, gogoyo anagwedeza mutu kuvomereza, akuseka. Chinthu chaulere munthu sachinunkhiza kawiri. Anakaponya m'chikwama n'kumapita.

Mbuya anaipanga nkhani ya kupusa kwanga kukhala nyimbo yake ya tsiku ndi tsiku. Ankaikometsera nthawi iliyonse. Tsiku lina ankati ndinachapa belo lonse, tsiku lina ankati ndinachapa ndi thumba lomwe, tsiku linanso ankati ndinafuna kuchapa ndi iye yemwe. Ine ndinkakhala pa thumba paja ndikumwetulira, ndipo ndinazindikira kuti kusekedwa sikupha. Anthu amene kale ankadutsa beseni langa osaliona, tsopano ankaima kuti aone mnyamata amene anachapa salaula. Ogula zovala nawonso anayamba kukonda thebulo lathu chifukwa cha mbasela.

Sipanapite nthawi yaitali, mtsikana wa siketi uja anabweranso. Sanayang'ane zovala. Anaima patsogolo pa beseni n'kutambasula manja ake kuti ndiwaone.

"Siinanisupule. Nipaseko ikulu, ija sopo ya mbuya."

Umenewo unali mtanda woyamba kugulitsa kwa munthu amene anachita kuufuna yekha. Ndinaukulunga m'nyuzipepala mosamala kwambiri, mpaka iye anati ndifulumire, si mwana wakhanda. Pambuyo pake anabwera ena. Ambiri anali amayi amene anayesa kachidutswa kaja pa matewera kapena pa yunifolomu ya mwana. Ena anali oti anangomva kumpopi, kumene amayi amachapira pamodzi ndipo aliyense amaona thovu la mnzake. Onse ankafunsa dzina limodzimodzi, sopo wa mbuya. Azakhali poyamba sanakondwe nalo. Ankati sopo ndi wawo, mbuya alowapo bwanji. Koma ataona kuti ana akubwera pakhomo atatumwa kudzagula ndi dzina lomwelo, analeka kudandaula.

Sindinganene kuti tinalemera. Tizidutswa taulere tinatha msanga, ndipo tinayamba kudula dala timagawo tating'ono pa mtanda wabwino, zimene azakhali ankachita akuusa moyo. Masiku ena beseni linkabwerera momwe linapitira. Koma pansi pa bedi panayamba kuoneka simenti. Ogulitsa salaula ena awiri anandiitana kuti nawonso ndiziwapatsa mbasela, ndipo mbuya anawauza kuti ayambe apempha kwa iye, chifukwa munthu wa kummawayu anamutola yekha.

Malaya aja tinawatulutsa m'thumba atakwinyika bwino ndi kununkha mokwanira, ndipo anagulidwa pang'onopang'ono. Amodzi okha, oyera a manja aatali, anakana kubwerera mwakale. Ankaonekabe ochapa. Mbuya anawayang'ana n'kundiponyera kumaso.

"Aya wayaononga kosabwelela. Vala. Uzinkhala wayela so, bantu baziona sopo pa thupi pako. Ndiwe chikwangwani manje."

Ndinkawachapa madzulo aliwonse n'kuwavala m'mawa. M'fumbi la ku Chawama, munthu wovala zoyera amaonekera kutali.

Mvula yoyamba inagwa Lachinayi lina masana, ija yongonunkhiritsa dothi. Tinathamanga kuphimba zovala ndi mapulasitiki. Ndili m'kati mogwira ngodya ya pulasitiki ndinakumbukira za lole ija. Nditafika kunyumba ndinapeza malume sali pakhonde. Wailesi inali pawindo, yotsekedwa bwino. Iwo anali kuseri kwa nyumba ndi sowo ndi misomali, akukhoma bokosi lachiwiri lothiramo sopo kuchokera ku matabwa a shelefu yakale. Ndinagwira thabwa kuti lisagwedezeke, iwo akukhoma.

Loweruka lake mnzawo wa lole anabwera m'mawa kudzatsazika. Ndinali nditalongedza kale zovala zanga m'kathumba kaja ndinabwera nako, chifukwa palibe amene anandiuza kuti ndisalongedze. Azakhali anatuluka ndi katoni yomanga ndi chingwe n'kuipereka kwa dalaivalayo. Munali mitanda ya sopo ya amayi anga, ndi ina yoti akagawire achibale. Dalaivala anafunsa ngati mnyamata ali wokonzeka. Malume anayang'ana kathumba kanga, kenaka anayang'ana ine.

"Katoniyo ipita yokha. Uyu ali ndi ntchito. Iwe, ukuimiranji? Msika watsegulidwa kalekale."

Ndinabweza kathumba kuchipinda, ndinavala malaya oyera aja, n'kusenza beseni. Njira yonse ndinkangomwetulira ndekha ngati wopenga. Mwezi wotsatira ndinakalembetsa ku sukulu yamadzulo ija, koma m'mawa umenewo sindinkaganiza n'komwe za sukulu. Ndinkangoona matope ofiira, ana akudumpha zithaphwi, ndi amayi kumpopi, ena a iwo atagwira sopo wotuwa.

Mbuya anandiona ndikadali patali.

"Ah, mbuya! Nenze namvela ati wapita ku munzi. Mbeba zakukana?"

Ndinatula beseni pakona ya thebulo. Sindikudziwa kumene mawuwo anachokera, koma anatuluka okha, mokweza, gogo wa tomato ndi onse akumva.

"Ndinafuna kupita, koma ndinamva chisoni. Ndikachoka ine, adzakusambitsani ndani inu odya anyani?"

Msika unaphulika. Mbuya anagwira pamtima n'kudzigwetsa pa mulu wa mabuluku, miyendo m'mwamba, akukuwa kuti mwana amene analera yekha wamuluma. Atadzuka anapukuta misozi n'kundikankha paphewa.

"Chabwino, wakula. Manje leta tusopo, bamayo aba bafuna mbasela."